Kuweta nsomba zolusa m'mathanki agalasi kumafuna luso komanso kusamala chilengedwe

Nsomba za m'nyanja ya Malawi zili m'gulu la nsomba zomwe anthu ambiri a m'mayiko a ku Ulaya, America ndi Asia amaweta m'mathanki agalasi m'nyumba mwawo ngati zokongoletsera. Zambiri mwa nsombazi ndi zaukali, ndipo woweta akapanda kudziwa chikhalidwe chake, zimamenyana mpaka kuphana.

Nkhaniyi ikukhudza dziko lino m'njira ziwiri. Malonda a nsomba zamoyozi amabweretsa ndalama zakunja komanso kutchukitsa dzina la dziko la Malawi, pomwe kugwira nsomba mopyola muyezo ndi kulowetsa mitundu yachilendo m'madzi a dziko lino kungathe kuononga chuma chomwe sichipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake n'koyenera kuti ogwira ntchito m'boma, makamaka m'nthambi zoona za usodzi, zachilengedwe, zokopa alendo ndi za m'zipata zolowera m'dziko muno, adziwe momwe ulimiwu umayendera.

Mitundu ya nsombazi

Akatswiri a sayansi amaika nsombazi m'banja lotchedwa cichlid. Chambo, mbuna, utaka, kambuzi ndi mcheni zonse ndi za m'banja limeneli, pomwe usipa, mpasa ndi kampango si za m'banjamo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya cichlid yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse simapezeka m'nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe boma lidakhazikitsira malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'boma la Mangochi m'chaka cha 1980, malo omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984.

Mwa nsomba zikuluzikulu za m'nyanjayi zomwe zimawetedwa kwambiri muli Nimbochromis livingstonii, yomwe asodzi amaitcha kaligono. Nsombayi imakula kufika masentimita 25 ndipo imasaka mochenjera, pogona cham'mbali pamchenga ngati yafa, kenako n'kumbwandira tinsomba tomwe tabwera kudzaidya. Palinso Nimbochromis venustus, ya mawanga onga a kadyamsonga, ndi Dimidiochromis compressiceps, yopyapyala thupi, yomwe imabisala m'maudzu a pansi pa madzi podikirira tinsomba. Mbuna, zomwe zimakhala m'miyala, ndi zocheperapo msinkhu, koma zina monga Melanochromis auratus zimaposa nsomba zikuluzikulu pa ukali.

Gulu lina ndi lochokera ku Central America ndi South America. M'gululi muli oscar, ya m'chigwa cha mtsinje wa Amazon, yomwe imapyola masentimita 30. Jaguar, ya ku Nicaragua ndi mayiko oyandikana nawo. Ndi Parachromis dovii, yomwe yaimuna yake imatha kupyola masentimita 60. Palinso flowerhorn, nsomba ya chiphumi chotupa yomwe m'chilengedwe mulibe, poti idapezeka pokweranitsa mitundu ingapo ya ku Central America m'dziko la Malaysia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Gwero la ukali

Ukali wa nsombazi umachokera pa kulimbirana malo. M'nyanja, yaimuna imasankha mwala, phanga kapena chigawo cha mchenga n'kumathamangitsa ina iliyonse yoyandikira, makamaka yaimuna inzake ya mtundu womwewo kapena yofanana nayo maonekedwe. Yogonja imathawira kutali ndipo nkhondo imathera pomwepo.

M'thanki mulibe kothawira. Nsomba yogonja imathamangitsidwa usana wonse, imang'ambidwa zipsepse, imasiya kudya ndipo imakhala pakona chakumtunda kwa madzi kufikira itafa ndi mabala kapena matenda. Motero ntchito yaikulu ya woweta ndi kupereka malo okwanira komanso kukonza thankiyo mwanjira yoti nsomba zisamaonane nthawi zonse.

Kukula kwa thanki ndi kakonzedwe kake

Nsomba monga kaligono zimafuna thanki yosachepera malita 500, yotalika mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, pomwe dovii yokhwima imafuna malita oposa 1,000. Kutalika ndi kutambalala kwa thanki n'kofunika kuposa kuya kwake, chifukwa malo omwe nsomba zimalimbirana ndi a pansi. Poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, thanki ya malita 500 pamodzi ndi galasi, miyala ndi mchenga imapyola theka la tani, ndipo imafunika kukhala pa choikapo cholimba, pamalo osapendekeka.

Miyala imaunjikidwa mwanjira yoti ipange mapanga ndi kugawa thankiyo m'zigawo. Miyalayi iyenera kukhazikika pansi penipeni mchenga usanathiridwe, chifukwa nsombazi zimakumba, ndipo mwala wokhala pamwamba pa mchenga ungathe kugwa n'kuswa galasi.

Oweta mbuna kawirikawiri amaika nsomba zambiri m'thanki imodzi ndi cholinga choti ukali wa yaimuna yolamulira ugawikane, m'malo moti uthere pa nsomba imodzi. Njirayi imafuna makina amphamvu osefera madzi, ndipo siithandiza pa nsomba zikuluzikulu za ku Central America, zomwe nthawi zambiri zimawetedwa ziwiriziwiri kapena imodzi payokha. Poika nsomba yatsopano, n'kothandiza kusintha kaunjikidwe ka miyala kuti zonse ziyambe kufuna malo mwatsopano.

Madzi

Madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi muyezo wa pH wa pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo nsomba za m'nyanjayi zimakhala bwino m'madzi otentha madigiri 24 mpaka 27. Nsomba za ku Amazon monga oscar zidazolowera madzi a pH yotsikirapo. Pa chifukwa ichi, komanso chifukwa cha kusiyana kwa zakudya ndi chikhalidwe, si bwino kuphatikiza magulu awiriwa m'thanki imodzi.

Nsomba zambiri za oweta ongoyamba kumene zimafa ndi poizoni wochokera m'ndowe zawo zomwe. Ndowe ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, yemwe ndi woopsa ngakhale atakhala wochepa. M'sefa mumakhala mabakiteriya omwe amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe saopsa kwambiri. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6, choncho kuthira nsomba zambiri tsiku lomwe thanki yagulidwa n'kuziika pa chiopsezo.

Nitrate amachepetsedwa pochotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse n'kuthiramo ena. Madzi a kumpopi amakhala ndi mankhwala a chlorine omwe amapha nsomba ndi mabakiteriya omwe, motero ayenera kuthiridwa mankhwala ochotsa chlorine asanalowe m'thanki. Pa chifukwa chomwechi, sefa imatsukidwa ndi madzi ochokera m'thanki momwemo.

Kumadera komwe magetsi amathimathima, woweta ayenera kukhala ndi pampu ya mpweya yoyendera mabatire kapena mphamvu ya dzuwa. Sefa ikaima kwa maola ambiri, mpweya umachepa m'madzi, mabakiteriya amafa, ndipo nsomba zikuluzikulu ndi zomwe zimayamba kubanika.

Zakudya

Nsomba zodya zinzake monga kaligono, oscar ndi dovii zimapatsidwa zakudya zogula zokhala ndi zomanga thupi zambiri, nkhanu zing'onozing'ono za m'madzi ndi tizidutswa ta nsomba. Kuzipatsa tinsomba tamoyo n'kosafunikira ndipo kumalowetsa matenda m'thanki. Nyama ya ng'ombe kapena nkhuku siyoyenera chifukwa mafuta ake sagayika bwino m'mimba mwa nsomba.

Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala ndipo zili ndi matumbo aatali oyenera zakudya zamasamba. Zikamadyetsedwa zanyama zambiri, kapena zikamakhala mopanikizika m'madzi oipa, zimagwidwa ndi matenda otupa mimba omwe oweta a kunja adawapatsa dzina loti Malawi bloat. Nsomba yodwala imasiya kudya, imatulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, ndipo imafa m'masiku ochepa ikapanda kuthandizidwa msanga.

Kuswana

Pafupifupi cichlid zonse za m'nyanja ya Malawi zimafungatira mazira m'kamwa, monga momwe chambo chimachitira. Yaimuna imakonza malo pamwala kapena kukumba kadzenje pamchenga n'kuyamba kunjenjemeretsa thupi pokopa yaikazi. Yaikazi imaikira mazira pang'onopang'ono n'kumawatola ndi pakamwa. Mitundu yambiri, yaimuna ili ndi timadontho tonga mazira pa chipsepse cha kumunsi chakumchira, ndipo yaikazi ikamayesa kutola timadonthoti, imameza mbewu ya yaimuna yomwe imakumana ndi mazira aja.

Yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu osadya. Nthawi imeneyi yaimuna imapitiriza kuithamangitsa, ndipo n'chifukwa chake oweta amaika yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Ambiri amasamutsira yaikazi yofungatira m'thanki ina yaing'ono kufikira italavula ana, kenako amaidyetsa kwa masiku angapo kuti ipezenso mphamvu isanabwerere kwa zinzake. Ana amayamba kudya tsiku lomwe atuluka, ndipo amapatsidwa tizilombo ta m'madzi totchedwa artemia kapena zakudya zogula zoperedwa.

Nsomba za ku America zomwe zatchulidwazi zimaswana mosiyana. Yaimuna ndi yaikazi zimagwirizana, zimayeretsa mwala wafulati n'kuikirapo mazira mazanamazana, nthawi zina opyola 1,000. Mazira amaswa pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo ana amayamba kusambira patatha pafupifupi sabata. Makolo onse awiri amateteza anawo, ndipo pa nthawiyi amalimbana ndi nsomba ina iliyonse, ngakhale dzanja la woweta. Yaimuna imathanso kutembenukira yaikazi n'kuipha, motero oweta amaika chotchinga pakati pa thanki chokhala ndi bowo lomwe yaikazi yokha, poti ndi yocheperapo, ingathe kudutsa.

Vuto lina ndi kukweranitsa mitundu. Cichlid za m'nyanja ya Malawi n'zapachibale kwambiri, kotero mitundu yosiyana ikasungidwa pamodzi imatha kuswana n'kubereka nsomba zosadziwika mtundu. Nsomba zoterezi zikalowa pamsika zimasokoneza mitundu yeniyeni yomwe oweta ena akuyesetsa kusunga.

Malonda ndi chitetezo cha nyanja

Mmodzi mwa anthu omwe adatchukitsa malonda otumiza nsomba zamoyo kunja ndi malemu Stuart Grant, yemwe adagwira ntchitoyi ku Senga Bay m'boma la Salima kufikira pomwe adamwalira m'chaka cha 2007. Nsomba yotchedwa Aulonocara stuartgranti idapatsidwa dzinali pomulemekeza. Ogwira nsombazi amamira pansi pa madzi ndi maukonde aang'ono, ndipo nsomba za m'madzi akuya amazikweza pang'onopang'ono kuti zisafe ndi kusintha kwa mphamvu ya madzi. Masiku ano nsomba zambiri za mitundu ya m'nyanja ya Malawi zomwe zimagulitsidwa kunja zimaswedwa m'mafamu a ku Florida m'dziko la America, ku Czech Republic ndi m'mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia.

Mitundu yambiri ya mbuna imapezeka pa chilumba chimodzi kapena pa mulu umodzi wa miyala, ndipo siivuta kutha. Chitsanzo ndi Chindongo saulosi, yomwe imapezeka pa miyala ya Taiwanee Reef pafupi ndi chilumba cha Chizumulu basi. Nsombayi idachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopyola muyezo, ndipo okonda nsombazi adachita kubwezera pamalopo zina zoswedwa m'mathanki. Izi zikusonyeza kuti kuswa nsomba m'mathanki, kukachitika mosasakaniza mitundu, kumathandiza kuteteza nyanja.

Chiopsezo china n'chotaya nsomba zachilendo m'mitsinje ndi m'madamu. Oscar imakhala ndi moyo zaka zoposa 10, ndipo anthu ena ikawakulira amakaitaya m'madzi a pafupi. Ku Florida, oscar ndi jaguar zidakhazikika kale m'ngalande ndi m'madambo. Phunziro lalikulu lili ku nyanja ya Victoria, komwe nsomba ya Nile perch idalowetsedwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu yambiri ya cichlid ya m'nyanjayo idali itasowa.

M'dziko muno, lamulo la Fisheries Conservation and Management Act loyendetsera nkhani za usodzi ndi ulimi wa nsomba lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1997, ndipo aliyense wofuna kulowetsa kapena kutulutsa nsomba zamoyo ayenera kupeza chilolezo ku nthambi ya boma yoona za usodzi. Ogwira ntchito m'mabwalo a ndege ndi m'zipata za m'malire ali ndi udindo woonetsetsa kuti nsomba zamoyo zomwe zikudutsa zili ndi zikalata zoyenera. Naye woweta yemwe walephera kusamala nsomba yake ayenera kuipereka kwa woweta mnzake kapena kufunsa malangizo ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lake, osati kukaitaya mu mtsinje, m'damu kapena m'nyanja.