Malamulo a Kuulutsa Gyroplane Pamwamba pa Makomboni a Lusaka

Gyroplane ndi kandege konyamula munthu mmodzi kapena awiri, kokhala ndi mapiko ozungulira pamwamba ngati helikopita, ngakhale kuti mapikowo sazunguzidwa ndi injini pamene kali m'mwamba, koma ndi mphepo yodutsa kuchokera pansi pamene injini ikukakankhira kutsogolo. Juan de la Cierva wa ku Spain ndiye anapanga ndege yamtunduwu, yomwe inauluka koyamba mu 1923. Injini ikazima, kandegeka kamatsika pang'onopang'ono, komabe sikangathe kuima malo amodzi m'mwamba, choncho kamafunika bwalo lotseguka loti katerepo.

M'dziko la Zambia, udindo woyang'anira zouluka uli m'manja mwa bungwe la Zambia Civil Aviation Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2012, ndipo limagwira ntchito motsatira lamulo la zandege la 2016 komanso miyezo ya ICAO, bungwe la mayiko loona zandege lomwe linachokera m'pangano la ku Chicago la 1944. Kuuluka kongosangalatsa sikumasula munthu ku malamulowa, pakuti bungwe la Zambia Civil Aviation Authority limafuna zinthu zitatu. Choyamba, woyendetsa akhale ndi laisensi, yomwe imaperekedwa munthu akaphunzira kwa mlangizi wovomerezeka, akakhoza mayeso olemba ndi ouluka, ndiponso dokotala wovomerezeka akamupima maso, makutu ndi mtima. Chachiwiri, ndegeyo ilembetsedwe m'kaundula, ndipo za ku Zambia zimadziwika ndi chizindikiro choyamba ndi 9J, komanso ikhale ndi chikalata chotsimikizira kuti ili bwino. Chachitatu, woyendetsa amvere oyang'anira kayendedwe ka ndege, makamaka pafupi ndi bwalo la Kenneth Kaunda International Airport ndi la City Airport, loyandikana ndi Kalingalinga, lomwe limagwiritsidwa ntchito ndi asilikali a Zambia Air Force.

Lamulo lokhudza kwambiri anthu a m'makomboni ndi la utali woulukira m'mwamba. Muyezo wa ICAO umaletsa ndege, kupatula ponyamuka ndi potera, kutsika kupitirira mamita 300 pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri m'dera lodzaza anthu. Chifukwa chake chimaoneka poyera ku Kanyama, Chawama kapena George, kumene nyumba zamalata zathithikana, mawaya amagetsi a ZESCO adutsa pamwamba pa tinjira, ndipo malo otseguka okhawo nthawi zambiri ndi mabwalo a mpira odzaza ana. Woyendetsa amene ali m'mwamba mokwanira amakhala ndi nthawi yolunjika kuthengo injini ikazima, pamene wouluka m'munsi alibe kosankha.

Motero laisensi ya woyendetsa imateteza mayi wogulitsa pamsika wa ku Matero mofanana ndi mmene imatetezera mwini ndege, ndipo nzika iliyonse yoona ndege ikuuluka moopseza miyoyo ili ndi ufulu wokadandaula ku Zambia Civil Aviation Authority, itatchula tsiku, nthawi, malo ndi chizindikiro cholembedwa pandegepo.