Ntchito ya Mlimi Sithera pa Kukolola

Chaka ndi chaka, mvula ikamayandikira, dziko lonse limakamba za mbewu ndi feteleza. Misonkhano imachitika, alangizi amayendera midzi, ndipo aliyense amakumbutsidwa kulima msanga ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Zonsezi nzoyenera. Koma dzinthu zikalowa m'nyumba m'miyezi ya Meyi ndi Juni, nkhani ya ulimi imazilala ngati kuti ntchito yatha. Ife tikuti ntchito imakhala isanathe, pakuti chimanga chimene banja lidzadye mu Januwale ndi Febuluwale ndi chokhacho chimene chapulumuka kwa anankafumbwe, makoswe ndi chuku.

Mbiri ya chimanga m'dziko muno iri ndi phunziro pa nkhani imeneyi. Mbewu ya SR52, imene inatulutsidwa ku Southern Rhodesia m'chaka cha 1960, inatchuka kwambiri chifukwa cha kubereka kwake, ndipo mbewu za haibulidi za mtundu womwewo zinafikanso kuno. Komabe kwa zaka zambiri alimi a m'midzi ankalima haibulidi kuti agulitse, koma chakudya cha pakhomo ankadalira chimanga cha makolo. Ena ankati alimiwo ngosamva. Amayi ndiwo ankadziwa chifukwa chenicheni: haibulidi wa nthawi imeneyo anali wofewa, pokonola mu mtondo ankaphwanyika nkutuluka gaga wambiri, mphale pang'ono, ndipo m'nkhokwe ankafumbwa msanga. Akatswiri a ku Chitedze atamvetsa dandauloli anatulutsa MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, mbewu zobereka bwino koma za maso olimbirapo, ndipo alimi anazilandira. Motero tinaphunzira kuti luso latsopano liyenera kuyesedwa pa mtondo ndi m'nkhokwe, osati m'munda mokha.

Pa nthawi yomweyo kunabwera mdani wina. Nankafumbwe wamkulu, amene kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, anaoneka m'chigawo cha Tabora ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali atalowa m'Malawi. Kachilombo kameneka kamaboola chimanga chiri m'makoko, kamadya makaka, ngakhalenso mitengo ya nkhokwe, ndipo kamasiya fumbi lokhalokha. Chifukwa cha iko, komanso chifukwa cha akuba, mabanja ambiri anasiya nkhokwe nayamba kutonola chimanga, kuthira mankhwala a fumbi monga Actellic ndi kusunga m'matumba m'nyumba. Njira imeneyi yathandiza, koma iri ndi zovuta zake. Mankhwala amatha mphamvu pakapita miyezi, ena amene amagulitsidwa m'misika ngachinyengo, ndipo pali anthu amene amaika m'chipinda chogona mapiritsi ofukizira dzinthu, amene mpweya wake ungathe kupha munthu.

Nchifukwa chake tikufuna kuti akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi aganizire mofatsa za matumba osalowa mpweya, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti PICS. Njirayi inayambitsidwa ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Purdue ku America, motsogozedwa ndi Larry Murdock, pamene ankagwira ntchito ndi anzawo ku Cameroon kufunafuna njira yosungira khobwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuyambira 2007 matumbawa anafalitsidwa m'midzi yambiri ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo pambuyo pake anayamba kusungiramo chimanga, nyemba, mapira ndi mbewu zina.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumvetsa. Thumba limodzi liri ndi zigawo zitatu: mapulasitiki awiri ochindikala mkati, ndi thumba lolukidwa kunja. Mlimi amathira chimanga, nafinya mpweya, namanga pulasitiki iliyonse payokha, kenaka thumba lakunja. Tizilombo timene tatsekeredwa mkatimo timapuma mpweya wochepa umene watsala mpaka kuutha. Tikatero timaleka kudya ndi kuswana, ndipo timafa. Sipafunika mankhwala ngakhale pang'ono. Thumba losamalidwa bwino limatha kugwira ntchito nyengo zitatu kapena kupitirira, malinga ngati silinabooke.

Koma tichenjeze pano: thumba limeneli silikonza chimanga chimene chalowamo chiri chachiwisi. Chimanga chiyenera kuyanikidwa pa mkeka kapena pa lona, osati padothi, kufikira chitauma ndithu, ndipo chipetedwe ndi kusankhidwa. Chinyontho ndicho chimabala chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso, sachoka pophika, ndipo amaononga chiwindi. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira kummawa kwa Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Chimanga choola sichiyenera kupita kuchigayo, kapena kumowa, kapena kuziweto. Madzi akatayika saoleka. Chimanga chikagwidwa ndi poizoni palibe thumba limene lingachiyeretse.

Ena adzati matumbawa ngodula, ndipo nzoona kuti mtengo wake umaposa wa thumba wamba. Koma tiyeni tiwerengere zonse. Mlimi woopa anankafumbwe amagulitsa chimanga chake atangokolola, pamene mtengo uli pansi chifukwa aliyense akugulitsa. Ikafika nyengo ya njala, mlimi yemweyo amakagula chimanga pa mtengo wokwera, mwina kwa wamalonda yemwe uja anamugulitsa. Kuti apeze ndalamazo amapita kukagwira ganyu m'minda ya ena pa nthawi imene munda wake ukufuna kupalira ndi kubandira, ndipo zokolola za chaka chotsatira zimachepa. Kotero kulephera kusunga kwa chaka chimodzi kumabala njala ya chaka china. Poyerekeza ndi chitayiko chotere, mtengo wa thumba ndi wochepa.

Tsono pempho lathu loyamba likupita kwa akuluakulu a zaulimi m'maboma. Nyengo yokolola ipatsidwe kulemera kofanana ndi nyengo yobzala. Alangizi aonetse anthu poyera: amange thumba pamaso pa mudzi wonse ndi mfumu yawo, ndipo pakapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi alimasule pamaso pa anthu omwewo. Mlimi amakhulupirira chimene waona ndi maso ake. Aonetsetsenso kuti matumbawa akupezeka m'misika ya kumidzi nthawi yokolola, pakuti sipapindula kanthu kulangiza munthu za chinthu chimene angachipeze m'tauni mokha. Aphunzitse anthu kusanjika matumba pa mitengo, kutali ndi khoma, kuti makoswe asawaboole, ndi kusabaya thumba ndi chitsulo poyesa chimanga monga amachitira pamsika.

Pempho lachiwiri likupita kwa aphunzitsi. Phunziro la zaulimi lisathere pa bolodi. Tengani mabotolo awiri, muthiremo chimanga chokhala ndi anankafumbwe; limodzi mulidzaze ndi kulitseka zolimba, lina mungolivundikira ndi kansalu. Ana aziliyang'ana mlungu ndi mlungu nalemba zimene akuona. Aphunzitseninso kuyesa kuuma kwa chimanga ndi mchere: thirani chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, ndipo mudikire pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Mwana amene wachita zimenezi ndi manja ake adzakazifotokoza kwa amayi ake madzulo omwewo, ndipo uthenga udzafika kumene mlangizi sanafike.

Mtundu wathu umathira thukuta lambiri ndi ndalama zambiri kuti chimanga chimere ndi kubereka. Nchinthu chochititsa manyazi kuti gawo la thukuta limenelo lizithera kudyetsa tizilombo pamene njira yotetezera iripo ndipo ikudziwika. Akuluakulu ndi aphunzitsi, chaka chino tiyeni tifunse banja lililonse mafunso awiri, osati limodzi: mwakolola matumba angati, ndipo mwawasunga motani?