Meepo, mababu anayi ndi masamu ogonjetsera mdani wochuluka

Mu gemu ya Dota 2, imene kampani ya Valve inatulutsa mu 2013, matimu awiri a anthu asanuasanu amamenyana, ndipo wosewera aliyense amasankha ngwazi imodzi yoti aziyendetsa. Ngwazi zambiri zili ndi thupi limodzi. Meepo ndi wosiyana: akamakwera ma level amawonjezera anzake ofanana naye mpaka kukwana anayi, onsewo akuyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Amene munakumanapo naye mukudziwa mmene zimakhalira. Umangoona ukonde wakugwera, tianthu tinayi takuzungulira, basi wafa usanadine batani lililonse. Ine ngati mphunzitsi wa fizikisi Meepo amandisangalatsa, chifukwa mphamvu zake ndi kufooka kwake zonse zili m'makope anu momwemo.

Tiyambe ndi chimene amaopsera. Mu 1916 injiniya wa ku Britain, Frederick Lanchester, anafotokoza masamu a nkhondo. Iye anaonetsa kuti ngati asilikali onse angathe kuwombera mdani nthawi imodzi, mphamvu ya gulu imatsata sikweya ya chiwerengero chawo. Tiyerekeze asilikali 5 akumenyana ndi 3, onse ofanana mphamvu. Ambiri munganene kuti atsala 2. Ayi ndithu. Tengani 25, chotsani 9, mupeza 16, ndipo sikweya ruti ya 16 ndi 4. Gulu lalikulu litaya munthu mmodzi yekha. Chifukwa chake n'chakuti gulu lochuluka limapha msanga, ndiye amene akuliwombera amachepa msanganso. Ukakumana ndi a Meepo anayi uli wekha m'tchire, masamu amenewa amakhala akukugwera iweyo. Choncho osamayenda wekha Meepo akasowa pamapu.

Koma gemuyi inamuikira lamulo limodzi lowawa: Meepo mmodzi akafa, onse amafa. Mukukumbukira mababu olumikizidwa mu series? Magetsi ali ndi njira imodzi yokha, ndiye babu limodzi likapsa, onse amazima. Meepo ndi seketi ya series yoyenda ndi miyendo.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti pankhondo ina Meepo aliyense ali ndi mwayi wa 0.9 woti apulumuke, ndipo zimene zikuchitikira mmodzi sizikukhudza mnzake. Kuti Meepo akhale moyo, onse anayi apulumuke: 0.9 × 0.9 × 0.9 × 0.9, zomwe zikutipatsa 0.66. Mwayi watsika kuchoka pa 90 peresenti kufika pafupifupi 66, pomwe palibe thupi limene lafooka. Mainjiniya amawerenga chimodzimodzi akafuna kudziwa ngati makina okhala ndi ziwalo zambiri zodalirana angakhalitse.

Apa m'pamene matimu ambiri amalakwitsa, ndipo kunena zoona zimandinyansa kuonera. Tiyerekeze Meepo aliyense ali ndi moyo wa 1,000, ndipo timu yanu ingathe kuwononga 2,000 pa masekondi ochepa. Aliyense akamenya Meepo wake, thupi lililonse lilandira 500. Palibe wafa, ndipo onse anayi akadakumenyanibe ndi mphamvu zonse. Koma mukagwirizana kumenya mmodzi, theka la mphamvu zanu ndi lokwanira kugwetsa onse anayi. Mphamvu ndi yomweyo, chasintha ndi pamene yagwera, monga mmene msomali umalowera m'thabwa chifukwa mphamvu yonse ya hamala yathera pa kansonga kakang'ono. Wosewera Meepo wodziwa amathawitsa thupi lovulalalo, ndiye mmodzi wa inu akhale ndi luso lomuumitsa pamalo amodzi. Axe amathandizanso kwambiri, chifukwa Culling Blade yake imapheratu mdani amene moyo wake watsika kwambiri.

Mwina wina afunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga bwanji anthu amati zida zomenya malo aakulu ndi zimene zimathana ndi Meepo? Si kumwaza mphamvu kumeneko?" Funso labwino. Kusiyana kwake n'kwakuti chida chotero sichigawa mphamvu yake. Chikamenya 300 mkati mwa bwalo lake, aliyense amene ali m'bwalomo amalandira 300 yathunthu, ndiye thupi limene munalisankha lija silitaya kanthu, ndipo enawo akufookanso. A Meepo amayenera kuunjikana kuti aphe munthu, choncho amadzilowetsa okha m'bwalo.

Earthshaker ndiye amapitirira apo. Akagwiritsa ntchito Echo Slam, mdani aliyense amene wamenyedwa amatulutsa funde lake lomwe limakamenya anzake oyandikana nawo, ngati mawu akamabwerera kuchokera kuphiri. Tipeputse masamu ponena kuti aliyense akutumiza funde limodzi kwa mnzake aliyense. Adani 2 atumizirana mafunde 2. Adani 4 atumizirana 4 × 3, omwe ndi 12. Chiwerengero changowirikiza kawiri, koma mafunde achuluka ka 6. Sikweya ija ya Lanchester yamutembenukira mwini wake. Lich naye ali ndi Chain Frost, imene imadumpha kuchoka pa mdani mmodzi kupita pa wina, ndipo imafuna matupi oyandikana kuti ipitirire.

Palinso nkhani ya nthawi. A Meepo amasonkhana ndi luso lotchedwa Poof, limene limasamutsa thupi limodzi kupita pamene pali linzake. Silichitika pompopompo, limatenga pafupifupi sekondi imodzi ndi theka. Ngati wakupezani ali mmodzi, kanthawi kameneko ndi kanu: muumitseni, mumenye nonse, kapena thawani anzakewo asanafike.

Chenjezo langa ndi lakuti si ngwazi iliyonse yochuluka imene ili mu series. Phantom Lancer amadzaza bwalo ndi zithunzi zake, koma kupha chithunzi sikumupha iyeyo. Ameneyo ali ngati mababu a parallel a m'nyumba mwanu: limodzi likapsa, ena amayakabe. Mukatsanulira mphamvu zonse pa thupi limodzi musanadziwe ngati ndi lenileni, mwangotaya. Kwa iyeyu yambani ndi zida zomenya malo aakulu, chifukwa zithunzi zimavulala kwambiri kuposa mwini wake, ndipo amene moyo wake ukutsika pang'onopang'ono ndiye weniweniyo.