Sukulu itatsekedwa, tinatsegula yathu pansi pa mtengo wa mango

Alimi anzanga, sabata ino ndapempha malo pa tsamba lathu lino kuti ndikambe za ana athu, makamaka zimene timachita nawo sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi. Kwathu kuno ku Phalombe zimenezi zationekera kangapo, ndipo palibe angalumbire kuti sizidzachitikanso.

Ine ndimalima kufupi ndi Migowi, kumudzi kwa akazi anga, pakuti ndine mkamwini monga mwa mwambo wathu. Koma ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi. M'mwezi wa Malichi 1991, napolo atatsika m'phirimo ndi kupha anthu mazanamazana, ine ndinali mu Sitandade 5. Banja lathu linapulumuka, koma munda unakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Masiku amenewo sukulu inali yolipira, tsono bambo anga anati ndiyambe ndakhala pakhomo mpaka zinthu zitakhalako bwino. Palibe anandifunsa za kope kapena buku. Mmene boma la a Bakili Muluzi limayambitsa sukulu yaulere ya pulayimale mu 1994, ine ndinali nditazolowera kale ganyu ndi tindalama take, ndipo ndinachita manyazi kukakhala pansi ndi tiana. Sindinabwererenso.

N'chifukwa chake boma litatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020 kamba ka matenda a korona, mtima wanga sunakhale m'malo. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali ndi zaka 14 ndipo anali mu Sitandade 7. Mlongo wake anali mu Sitandade 4, kenaka kamtsikana ka mu Sitandade 1, ndi wina wakumsana. Sabata ziwiri zoyamba anawo ankangoti kukacha ku munda, masana ku mtsinje, madzulo ku kanema pamsika. Usiku wina ndinauza mayi awo kuti ndikuona msewu womwe ndinayenda ine. Iwo anandiyankha kuti, "Nanga inu bambo a ana, muwaphunzitsa chiyani, poti nonse ndi ine tinalekera panjira?" Ndinalibe yankho, koma kutacha ndinatola chitseko chakale, n'kuchitsamiritsa ku mtengo wa mango, ndi kutenga khala pamoto kuti likhale choko.

Chinthu choyamba chimene tinakhazikitsa ndi nthawi. Inali nyengo yokolola, choncho tonse tinkalawirira ku munda, koma dzuwa likangoyamba kutentha, cha m'ma 9 koloko, ana ankaweruka ngakhale ntchito itatsala. Akasamba ndi kumwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ankakhala pa mphasa pansi pa mtengo paja mpaka nthawi ya nsima. Apongozi anga ankadandaula kuti tikuwononga manja ogwira ntchito pamene chimanga chili m'munda. Ndinaona kuti ndikagonja tsiku limodzi lokha, ndiye kuti sukuluyo yatha, choncho ine ndi mayi awo tinkatsalira ku munda awiri.

Mabuku tinali nawo ochepa. Ndinapita kwa aphunzitsi aakulu kukabwereka buku la masamu ndi la Chingerezi, ndipo anandilembetsa dzina kuti ndidzabweze. Zina zowerenga tinkatola pakhomo pomwepo: Baibulo, nyuzipepala zakale zokulungira katundu ku golosale, malangizo olembedwa pa paketi ya mbewu ndi pa botolo la mankhwala othira m'chimanga. Unduna wa Maphunziro unayambanso kuulutsa maphunziro pa wailesi ya MBC, ndipo ine ndinaleka kumvera zina kuti mabatire azikwanira ana. Komabe ndisaname, masamu a Sitandade 7 anandikanika. Ndinakagwada kwa aphunzitsi ena opuma pantchito m'mudzi woyandikana nafe, ndipo anavomera kumaona makope a mtsikanayo Loweruka lililonse. Malipiro awo anali tambala mmodzi ndi ndowa ya nandolo pokolola. Masiku enawo, wamkuluyo ndiye ankaphunzitsa ang'ono ake, ndipo ndinaona kuti pofotokozera anzake iyenso ankamvetsa bwino.

Masamu ambiri tinawapeza m'munda mwathu momwe. Titakolola, ana anawerenga matumba a chimanga a makilogalamu 50 ndipo anakwana 9. Pakhomo pathu thumba limodzi limatha mwezi umodzi. Ndinawafunsa kuti tikayamba kudya mu Meyi, nkhokwe idzatha liti. Mnyamatayo anawerenga miyezi pa zala n'kunena kuti kumapeto kwa Januwale. Apo mpamene anamvetsa chifukwa chimene mayi ake amakanira kugulitsa chimanga pokolola, ngakhale mavenda atabwera ndi ndalama m'manja. Ku dimba tinkayeza mizere ndi chingwe. Alangizi amati mizere italikirane masentimita 75, ndipo mapando atalikirane masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mzere wa mamita 30 umakhala ndi mapando angati? Ana anawerengera pa chitseko paja n'kupeza 120, kenaka anapita kukawerenga mapando enieniwo kuti aone ngati masamu sananame.

Ziweto nazonso zinalowa m'kalasi. Mnyamatayo ndinamupatsa udindo wa nkhuku ndi kope lake. Ankalemba tsiku limene thadzi layamba kufungatira, n'kumadula mzere tsiku lililonse mpaka masiku 21, anapiye n'kuswa. Ankalembanso tsiku limene nkhuku zalandira katemera wa chitopa, uja wodontheza dontho limodzi m'diso, kuti tisaiwale kubwereza pakatha miyezi inayi. Mbuzi itakwerana, iye anawerenga miyezi isanu n'kutiuza mwezi woti tiyembekezere kamwana. Kope lomwelo ndi limene linagwira mbala. Mazira olembedwa m'mawa sankagwirizana ndi opezeka madzulo, ndipo apongozi anali atayamba kale kuganizira ana a pakhomo loyandikana nafe. Ana atabisala kuseri kwa nkhokwe anapeza kuti wakubayo ndi galu wathu Mukanene, yemwe tsiku lililonse ankagona mwaulemu pambali pa mphasa ngati mwana wa sukulu wakhama. Tinakweza zisa m'mwamba, ndipo mlandu ndi anansi unapeweka.

Ku khitchini mphunzitsi anali mayi awo. Iwo anaphunzira ku sikelo ya ana za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, za masamba, zipatso ndi za mafuta. Nsima ikabwera, ana ankayamba atchula magulu amene ali m'mbale ndi amene akusowa. Tsiku la matemba a ku Chilwa ndi nkhwani wotendera linkakhoza bwino, pamene tsiku la nsima ndi therere lokha ana ankati mayi alephera mayeso. Anaphunzira kupera nandolo ndi kuphika chipere, futali wa mbatata ndi thobwa. Anaphunziranso kuphika kalongonda, chakudya chathu Alhomwe, ndi chifukwa chake amaphikidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi ake kangapo, pakuti wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kudwalitsa. Mnyamatayo nayenso ankagwira mthiko. Anzake ankamuseka, koma lero mayi ake akachoka sitigona ndi njala.

Vuto lenileni linafika mu Ogasiti. Miyezi isanu inali itatha sukulu zili chitsekere, ndipo mawailesi ndi nyuzipepala zinkanena za atsikana ambiri a m'boma lathu lino amene anatenga mimba kapena kulowa m'banja. Madzulo ena kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, amene ndiwo eni mbumba. Atalandiridwa ndi kumwa madzi anati, "Alamu, pali mnyamata wa geni ya nsomba ku Chilwa amene wationa. Ali ndi njinga yamoto ndi nyumba ya malata. Mwanayu wakula, ndipo sukulu yake palibe akudziwa ngati idzatsegulidwe. Mukumusungira chiyani?"

Amene ali pa chikamwini akudziwa kuti pa nkhani ya ukwati mawu a bambo ndi opepuka poyerekeza ndi a malume. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Alamu, mwana ngwanu, ine sindikana. Koma lamulo la dziko lino, chisinthireni mu 2017, sililola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo amfumu akamva tonse tikayankha mlandu. Komanso mwanayu sanasiye sukulu. Akuphunzira tsiku lililonse pansi pa mtengo apo." Iwo anaseka n'kunena kuti sukulu ya makala si sukulu. Tinasiyana nkhani isanathe, ndipo usiku umenewo sindinagone.

Patatha sabata ziwiri alamuwo anakolola nandolo wawo ndipo anapempha ana kuti akawathandize kunyamula kupita kwa venda wina pamsika. Matumba anali anayi. Mtsikanayo, chifukwa chozolowera, anatenga kope lake n'kumalemba chimene sikelo ikuonetsa: 48, 51, 47 ndi 49. Venda anadinadina foni yake n'kunena kuti onse pamodzi ndi makilogalamu 185. Alamu anali atatambasula kale dzanja kuti alandire ndalama pamene mwanayo anagwada pambali pawo n'kunong'ona kuti, "Amalume, pepani, ine ndapeza 195." Atawerengetsanso pamaso pa anthu, venda anati chala chinaterereka. Makilogalamu 10 a nandolo si nkhani yamasewera kwa mlimi, makamaka ife amene tikukumbukira mmene mitengo inagwera mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja.

Madzulo ake alamu anabweranso, ulendo uno atanyamula makope awiri ndi cholembera. Sanapepese, pakuti akuluakulu sapepesa kwa mkamwini, koma anauza mlongo wawo kuti mnyamata wa nsomba uja amuyankha kuti akafune kwina. Kuchokera tsiku limenelo, akafuna kugulitsa mbewu ankaitanitsa mdzukulu wawoyo ndi kope lake.

Boma linatsegulira a Sitandade 8 ndi Fomu 4 pa 7 Sepitembala 2020, ndipo makalasi otsala anabwerera pa 12 Okutobala. Ana athu atatu onse anabwerera. Wamkuluyo anatiuza kuti anzake angapo a m'kalasi mwake sanaonekenso, ena ali pabanja, ena anyamata anapita kukagwira ganyu ku Mozambique. Iye analemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 chaka chotsatira ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera.

Chitseko chija sitinachitaye, ndipo tinachita bwino. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo, ndipo madzi, matope ndi miyala zinawononga kwambiri m'boma lino, makamaka cha kwa Nkhulambe. Sukulu zinatsekedwanso, ndipo zambiri zinasanduka misasa ya anthu amene nyumba zawo zinagwa. Yathu inaima, koma denga linadontha ndipo makope onse ananyowa n'kumatana. Tinayambanso ndi khala, ang'onoang'ono n'kumalemba pa dothi ndi kamtengo. Ulendo uno pa mphasa panakhala ana asanu ndi atatu, chifukwa tinalandira abale amene analibe pogona, ndipo paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Njala inalipo, ndipo masiku ena tinkaphunzira ola limodzi lokha chifukwa mimba yopanda kanthu siimva masamu. Koma tsiku silinkadutsa osakhala pa mphasapo.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna ndichenjeze alimi anzanga. Choyamba, kuphunzitsira mwana m'munda si kumusandutsa wantchito. Mukamugwiritsa khasu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena kumusoketsa fodya tsiku lonse, n'kumati akuphunzira ulimi, mukudzinamiza. Mwana agwire ntchito yolingana ndi msinkhu wake, ndipo nthawi ya kope ikakwana, khasu ligone. Chachiwiri, sukulu ya pakhomo silowa m'malo mwa sukulu yeniyeni. Ine sindikanatha kumufikitsa mwana wanga ku sekondale popanda aphunzitsi. Ntchito yanga inali ngati ya munthu wothirira nazale podikira mvula, kuti mbande zisaume nthawi yowokera isanafike.

Musanene kuti ine sindinaphunzire, ndingathandize bwanji. Ngati mumatha kuwerengera matumba, miyezi ndi ndalama, muli nacho choyambira. Ngati simudziwa kuwerenga, khalani pansi mwana azikuwerengerani mokweza, ndipo mumufunse kuti afotokoze m'mawu ake zimene wawerengazo. Funani mphunzitsi wopuma kapena mwana wa sekondale m'mudzi mwanu, mugwirizane mabanja angapo pomuthokoza. Sukulu ikangotsegulidwa, mumuperekeze mwanayo nokha tsiku loyamba lomwelo, ngakhale yunifolomu itapita ndi madzi.

Pakhomo pathu tsopano, mvula ikamayandikira, pokonza denga ndi kusunga mbewu timakonzanso ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro. Mmenemo timaikamo makope, mabuku, zolembera ndi makadi a ku chipatala, n'kuipachika pa mtanda wa denga. Ndowayo mtengo wake sufika pa wa tambala mmodzi, ndipo ndikupempha kuti chaka chino nanunso muikonzeretu.