Mano a Achinyamata ndi Kakulidwe ka Nsagwada ya M'munsi

Anyamata ndi atsikana osambira pa gombe la Chikale ku Nkhata Bay akamaseka, munthu amaona mano osiyanasiyana. Ena ali ndi mano a m'mwamba otulukira kunja, ena mano a m'munsi othithikana, pamene ena chibwano chawo nchotsogola. Makolo ambiri amayesa kuti cholakwa chili m'mano, koma kaŵirikaŵiri gwero lake ndi fupa limene manowo amerapo.

Mwana amakhala ndi mano 20 a ubwana, pamene wamkulu amakhala ndi mano 32. Kuti onseŵa apeze malo, nsagwada iyenera kukula. Nsagwada ya m'munsi imakulira kumbuyo, pamfundo imene ili pafupi ndi khutu, ndipo ikamatero chibwano chimasendera kutsogolo ndi kumunsi. Malo amene amatseguka kumbuyoko ndiwo amalandira zitsakano: zoyamba pa zaka 6, zachiŵiri pa zaka 12, ndipo zotsiriza kuyambira pa zaka 17.

Nsagwada ziŵirizi sizikula mofanana. Ya m'mwamba imatsiriza msanga, pamene ya m'munsi imathamanga pa nthaŵi ya kutha msinkhu: atsikana cha m'ma zaka 11 mpaka 13, anyamata cha m'ma zaka 13 mpaka 15. Mwa anyamata imapitirirabe pang'onopang'ono kufikira zaka pafupifupi 20. Dokotala wa mano Arne Björk anaonetsa kayendedwe kameneka ku Copenhagen m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pojambula mafupa a nkhope za ana chaka ndi chaka.

M'chaka cha 1899 Edward Angle wa ku America anagaŵa kalumidwe kolakwika m'magulu atatu. M'gulu loyamba zitsakano zimakumana bwino, koma mano ena ngokhota. M'gulu lachiŵiri mano a m'munsi amatsalira kumbuyo, ndipo m'lachitatu amapitirira a m'mwamba. Mwana wa gulu lachiŵiri angathandizidwe bwino pamene fupa lake likukula mofulumira. Koma wa chibwano chotsogola kwambiri, madokotala amayamba adikira kuti nsagwada ileke kukula, chifukwa mano owongoledwa msanga angathe kusokonekeranso.

Mpangidwe wa nsagwada nthaŵi zambiri ngwakumtundu, komabe pali zimene makolo angachite. Dzino la ubwana limasungira malo dzino lokhalitsa. Likaola ndi kuzulidwa nthaŵi isanakwane, la kumbuyo limasendera pampatapo, ndipo latsopano limamera mokhota. Kuyamwa chala kufikira msinkhu woyamba sukulu kumakankhira mano a m'mwamba kunja. Akatswiri aonanso kuti mano othithikana amachuluka kumene anthu amadya zofeŵa zokhazokha. Choncho usipa wouma ndi chimanga chootcha nzabwino kwa nsagwada kuposa masiwiti ndi mabisiketi, amene amaoletsanso mano.

Waya wowongolera mano amasuntha dzino, koma sasintha kwenikweni kutalika kwa fupa la munthu amene waleka kukula. Nchifukwa chake mwana wolephera kuluma ndi mano akutsogolo kapena kutseka milomo ayenera kukaonedwa kuchipatala cha boma cha Nkhata Bay asanathe msinkhu, ndipo akumeneko angamtumize ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Malaŵi anayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano ku Blantyre m'chaka cha 2019, koma woyamba kuona kalumidwe ka mwana ndi kholo lake pakhomo. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.