Kodi Kompyuta Imasunga Bwanji Zolemba Pamanja?

Anzanga, tikalemba ndi cholembera pagalasi la kompyuta, ambiri timayesa kuti makinawo amangojambula chithunzi cha zolembazo. Koma pali njira ina yanzeru koposa. Makina amalondola nsonga ya cholembera monga mlenje alondola mapazi a nyama. Amasunga manambala osonyeza pamene nsongayo yadutsa, nthawi yake, ngakhalenso mphamvu imene dzanja latsindikira. Kuyambira pamene cholembera chakhudza galasi kufikira chitatukulidwa, umenewo ndi mzere umodzi. Motero chilembo cha "t" kawirikawiri chimakhala ndi mizere iwiri.

Vuto lidali lakuti makampani ankasunga manambalawa aliyense mwa njira yakeyake, monga Microsoft ndi njira yake ya ISF, ndipo mapulogalamu ena ankalephera kuwawerenga. Chisokonezo cha ku Babele chenicheni! M'chaka cha 2011 bungwe la W3C lidavomereza njira yotchedwa InkML kuti onse azimvana. Pulogalamu yoidziwa njirayi itha kutsegula zimene zidalembedwa m'pulogalamu ina, kufufuta mzere umodzi wokha, kusintha mtundu wa inki, kapena kusandutsa zolembazo kukhala zotaipa. Komatu amene mumalemba ngati papalasa nkhuku, pa ntchito yomalizayi makina mumawavutitsabe.