Nyenyezi, Maelekitironi ndi Laser: Mafunso Atatu

Kodi mphamvu yofika patali imasiyana bwanji ndi mphamvu zina?

Mu mpweya, molekyu iliyonse imangomva zinzake zimene yagundana nazo. Zakutali sizikhudzana nayo. Mumlalang'amba si mmene zilili. Nyenyezi iliyonse imakokedwa ndi zinzake zonse nthawi imodzi, ndipo zakutalizo, poti ndi zambirimbiri, zikaphatikizana zimakoka kuposa zoyandikana nazo. Gulu lotere simungalidule pakati n'kuwerengera mbali iliyonse payokha. Apa ndi pamene malamulo ozolowereka a kutentha amayamba kutsimphina.

Nanga laser ikubwera bwanji m'nkhani ya nyenyezi?

Nyenyezi zimachedwa. Mu 1967 Donald Lynden-Bell anafotokoza kuti gulu la nyenyezi limayamba ndi chipwirikiti, kenako n'kukhazikika m'kaimidwe kokhalitsa koma kosakhala komaliza. Chipwirikiticho chimatenga zaka mamiliyoni ambiri, ndiye ndani angakhale pansi n'kumaonerera?

Laser ya maelekitironi omasuka, imene John Madey ndi anzake anaiyendetsa koyamba ku Stanford mu 1977, imachita zofananazo m'kanthawi kochepa zedi. Maelekitironi amathamangitsidwa pakati pa maginito ondandalikidwa mosinthanitsa mbali, n'kumayenda mokhotakhota uku akutulutsa kuwala. Kuwala komweko kumatembenuka n'kukankha elekitironi iliyonse. Choncho onse amamvana kudzera m'funde limodzi: amaunjikana m'timagulu, kuwala kumakula mofulumira, kenako kumaleka kukula. Mu 2004 Julien Barré, Stefano Ruffo ndi anzawo anaonetsa kuti masamu amene Lynden-Bell anakonzera nyenyezi amathanso kulosera pamene kuwalako kumalekezera.

Ndiye kuti umboni wakwana?

Ayi ndithu. Barré ndi anzake anayerekeza masamuwo ndi zotsatira za pakompyuta, ndipo ine ndimaona kuti umboni wogwirika kwambiri wa mmene mphamvu yofika patali imachitira unachokera kwina. Mu 2014 magulu awiri, la Christopher Monroe ku Maryland ndi la Rainer Blatt ku Innsbruck, anandandalika maayoni (maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi) osakwana 20 pamzere umodzi, a ytterbium ku Maryland, a calcium ku Innsbruck. Posintha kuwala kwa laser, ankasankha okha kutalika kwa pamene mphamvu ya pakati pa maayoniwo izifika, zimene wopenda nyenyezi sangazilote n'komwe. Atasokoneza mzerewo, anayeza liwiro limene chisokonezocho chinkafalikira nalo. Mphamvu ikamafika patali, ayoni yakumapeto inkamva msanga, kupyola malire amene Elliott Lieb ndi Derek Robinson anatsimikizira mu 1972 pa tinthu tongomvana ndi toyandikana nato.